Buluku Langa Linatsala Padenga

Mkazi wanga Rozaliya ali ndi nkhani imodzi imene amakonda kusimbira alendo akangomaliza kudya, ndipo amaisimba mondivula ulemu wonse. Ndaona kuti ndi bwino ndiilembe ndekha, kuti ngati kuli kuchita manyazi ndichite ndi mawu anga. Ndineneretu kuti m'nkhaniyi sindinatulukemo bwino. Ndinatulukamo ndi chipsera pantchafu, ndilibe buluku, nditavala nsalu ya munthu amene mwambo sunkandilola ngakhale kumuyang'ana kumaso.

Kwathu ndi ku Chidzolomondo, ku Makanga, koma boma linanditumiza kukaphunzitsa pa sikola ina kufupi ndi vila, katauni ka Tsangano. Kumeneko ndinakwatira Rozaliya, mwana wa ku Ntengo-Wambalame, ndipo ndinamanga kanyumba ka zidina ka zipinda ziwiri. Padenga ndinaikapo malata khumi amene ndinatola pa loja, sitolo yakugwa ya mzungu wina amene anachoka nthawi ya ufulu. Anandikhomera ndi a Bonifasiyo, mnansi wathu, mmisiri wa matabwa amene ankawetanso njuchi. Malatawo anali aakulu kwa ine pobadwa, odzaza mabowo a misomali yakale, koma anali malata. M'mudzi monsemo nyumba za malata zinali ziwiri zokha, yanga ndi ya Mulungu. Ndikamaweruka ku sikola masana, denga langa linkang'anima patali, ine n'kuchepetsa liwiro kuti ndiliyang'ane nthawi yaitali (ndipo ndikakumana ndi munthu panjira ndinkaima naye mbali yoti iyenso alione).

Kudontha linkadontha, sindikana. Koma madontho ake ndinkawadziwa onse ngati ana a m'kalasi mwanga: la pakhomo, la kumutu kwa mphasa, ndi lina lamanyazi limene linkangobwera mvula ikachokera kumpoto. Lililonse linali ndi chiwiya chake. Rozaliya akadandaula ndinkamuyankha kuti ndikonza m'chilimwe, ndipo zilimwe zitatu zinadutsa ndisanapondepo padengapo.

Kenako nkhondo inafika kumapiri kwathu. Poyamba tinkangoimva ngati nkhani ya kutali. Posakhalitsa magalimoto anasiya kubwera, m'maloja munatsala fumbi lokha, ndipo anthu anayamba kufika ndi mitolo pamutu. Tsiku lina lotentha, tchire lonse litapsa kale, anafika apongozi anga, a Nangozo, mayi ake a Rozaliya. Anthu a mfuti anali atatentha mudzi wawo n'kukusa ng'ombe zonse zimene malemu amuna awo anawasiyira. Iwo anayenda masiku awiri m'tinjira ta m'tchire. Sanatenge gombeza, sanatenge mphika. Anatenga nsalu imodzi yosinthira ndi zikwatu ziwiri zokulunga ndi masamba a msuku, china cha nyemba, china cha chimanga cha makolo.

Mumvetse chimene zikwatuzo zinali kwa ife. Mbewu yathu tinali titaidya ndi njala. Yogula kunalibe, ndipo chaka chimenecho ukamupempha mnzako mbewu ankayang'ana kumbali. Zikwatuzo zikanati zinyowe mvula yodzalira isanafike, mbewu n'kumera m'nyumba kapena kuchita nkhungu, ndiye kuti munda wathu ukanagona chaka chonse, ifenso n'kumagona ndi njala. Apongozi anazipachika okha pa mtanda wa kuchipinda, atayamba ayang'ana denga lonse n'kusankha pamene panalibe bowo.

Kwa inu amene mwakula masiku ano, amene mumagwirana chanza ndi apongozi anu n'kumadya nawo mbale imodzi, ndikufotokozereni. Nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankathawana. Sunkawayang'ana kumaso, sunkakhala nawo pamphasa imodzi, sunkalankhula nawo mwachindunji, ndipo ukawaona panjira unkapatukira kutchire. Ndi ulemu wabwino ndithu, koma amene anauyambitsa sankaganiza za nyumba ya zipinda ziwiri ndi khomo limodzi. Ndinkatsokomola ndisanalowe m'nyumba mwanga momwe, iwo n'kutembenukira kukhoma. Sabata isanathe, a Bonifasiyo anandibweretsera uchi woti ndizimwa, poganiza kuti ndadwala chifuwa.

Koma a Nangozo sanali munthu wosunga mawu m'mimba, ndipo anapeza njira. Tinali ndi khanda, Sesiliya, wa miyezi isanu, amene ntchito yake inali kuyamwa ndi kutafuna zala zake. Apongozi anamusandutsa mthenga. Tsiku lachiwiri chifikireni, ine ndili pakhonde, ndinawamva m'nyumba akulankhula mokweza bwino:

"Sesiliya, nyumba ya abambo ako njabwino. Munthu umaona nyenyezi masana."

Ndinakhala ngati sindinamve.

Patapita masabata atatu kunagwa mvula ya chizimalupsa, yoyamba ija yongozimitsa moto wa m'tchire, yosadzalira. Inandipeza ku sikola. Pofika kunyumba ndinapeza madontho anga onse ali pantchito, ndipo abweretsa mnzawo watsopano, pamwamba penipeni pa mtanda wa zikwatu. Nditasuzumira kuchipinda ndinaona msana wa apongozi. Anali atakhala pansi, zikwatu zili pamiyendo, atazifunda ndi nsalu yawo ngati mapasa, madzi akuwadonthera pakhosi iwo osasuntha.

Mvula itakata, Rozaliya ananditengera kuseri.

"Bambo a Sesiliya, amayi akuti malatawa atopa. Akuti muwachotse, tifolere udzu. Akutinso denga long'anima chonchi limaitana anthu a mfuti. Kwathu anayambira nyumba za malata."

"Udzu?" ndinatero ine. "Ine pulofesolo, mphunzitsi wathunthu, ndizigona m'nyumba ya udzu, ana a sikola aziti chiyani? Ndiponso udzuwo muupeza kuti, tchire lonse lapsa? Muwauze amayi pasiyensiya, adekhe mtima. Ndikonza."

"Ndikawauze kuti mukonza m'chilimwe?"

(Rozaliya anatengera mayi ake pakamwa, koma izi ndinazizindikira nditakwatira kale.)

Nzeru yoyamba inali phula. Ndinapempha phula la njuchi kwa a Bonifasiyo, ndinadula tinsanza, ndinakwera m'mamawa kukali kozizira n'kumata bowo lililonse mwaluso. Nditatsika ndinalowa m'nyumba, ndinayang'ana kumwamba, nyenyezi zonse zitazima. Ndinapita ku sikola ndikuimba mluzu. Chimene sindinachiganize ndi dzuwa la nyengo imeneyo, lija limatentha lata mpaka kuwotcha phazi. Pofika masana phula lonse linali litasungunuka, likutsikira m'nyumba pang'onopang'ono, pamphasa, mu ufa, ndi pa duku la apongozi. Ndikutsokomola pakhomo, uthenga unandipeza:

"Sesiliya, abambo ako ngophunzira. Apanga denga lodontha ngakhale kumwamba kulibe mtambo."

Akulu amati safunsa anadya phula. Ife tinalidyadi, chifukwa ufa uja sitikanautaya.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza ngati mphunzitsi. Ndinadziuza kuti vuto si mabowo, koma kuti malata sanagone bwino pamitengo, mphepo imawatukula madzi n'kulowa. Nditakweranso ndinaona chinthu chimene chinandikwiyitsa. Lata, monga mudziwa, lili ndi misana ndi ngalande. A Bonifasiyo anali atakhoma misomali yonse pamisana, pamwamba, pamene lata silikhudza n'komwe mtengo. Ndinapukusa mutu ndi chisoni poona umbuli wa anthu athu. M'ngalande ndi mmene lata limagona pamtengo, ndiye msomali ugwire bwino uyenera kulowa mmenemo. Ine amene ndinkaphunzitsa ana jeometiriya, masamu a mizere ndi ngodya, izi zinali zoonekeratu kwa ine.

Ndinasonkhanitsa misomali yakale, ndinaiwongola umodziumodzi pamwala, ndipo madzulo ena nditaweruka ndinayamba kukhoma. Ngalande iliyonse msomali wake, pamzere wowongoka, wokongola. A Bonifasiyo anadutsa ndi khasu paphewa, anaima, anayang'ana.

"A Pulofesolo, mukukhoma pati pamenepo?"

"Pamene siyensiya ikunena," ndinayankha osatembenuka, kutchula sayansi mwa Chipwitikizi kuti imveke yolemera.

"Eya, ophunzira ndinu," anatero, n'kupitiriza ulendo wawo.

Apongozi okha ndi amene sanandiope. Iwo sankaona chimene ndinkachita, ankangomva kulira kwa nyundo ali m'nyumba, koma anadziwa. Mawu awo anadutsa lata n'kundipeza:

"Sesiliya, ukadzakula udzafunse abambo ako. Madzi amayenda pachitunda kapena m'chigwa?"

Ndinamva bwinobwino. Ndinakhoma mwamphamvu kuti ndisamvenso.

Yankho linabwera patapita masiku anayi. Kunagwa kamvula kena masana, kosakhalitsa. Ine ndinali ku sikola, Rozaliya ali kudimba ndi mwana, apongozi atapita kudambo monga ankachitira tsiku lililonse (ine ndinkati amakatola nkhuni). Ndinafika woyamba, mvula isanakate, ndipo ndinaima pakhomo kukamwa yasa. Madontho anga akale aja anali osaoneka n'komwe. M'malo mwake munali mizere ya madzi, yowongoka, yotalikirana mofanana, kuchokera khoma ili mpaka khoma ilo. Ngalande iliyonse inkasonkhanitsa madzi ake n'kukawathira pa msomali wanga. M'nyumba monse munalibe malo ouma oti n'kuikapo chipewa. Ndinathamangira kuchipinda, ndinatsitsa zikwatu, ndinazibisa m'malaya. Cha chimanga chinapulumuka. Cha nyemba chinali chitanyowa mbali imodzi.

Apongozi atafika, Rozaliya anawapatsa chikwatucho. Anachigwira, anachinunkhiza, anachimasula. Ndinaima panja kudikira uthenga wa Sesiliya, ndipo ndinali wokonzeka kuulandira ngakhale ukhale wowawa bwanji. Uthenga sunabwere. Anangotenga lichero, anakhuthuliramo nyemba, anayamba kusankha imodziimodzi, zofufuma uku, zouma uku. Ndinawerenga masiku awiri aja amene anayenda nazo pamutu, ndinaganiza za ng'ombe ndi nyumba zimene anasiya osatembenuka, ndipo ndinadziona kuti ndine chitsiru. Kukhala chete kwawo kunandipweteka kuposa mawu onse amene anandilasa nawo.

Tsono mverani mmene chitsiru chimalapira. M'malo mopita kwa a Bonifasiyo kukapepesa ndi kufunsa, ndinaganiza zokonza ndekha mwakachetechete, kuti anthu adzangoona zatheka. Mmawa wa Loweruka, Rozaliya atapita kuchitsime, ndinakwera ndi nyundo kukazula misomali yanga. Apongozi anali m'nyumba, akuyanika nyemba zawo palichero pafupi ndi khomo la kuchipinda, poopa nkhuku za panja. Sesiliya anali chigonere pamphasa pambali pawo.

Ndinayamba ndi lata la pakati. Ndinazula msomali wanga woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo dzanja litazolowera ndinazula ndi ya a Bonifasiyo yomwe, osazindikira kuti ndikumasula lata limene ndagwadapo. Msomali womaliza unakana. Ndinaukoka, unakana. Ndinaluma mano n'kuukoka ndi mphamvu zonse za munthu wa manyazi. Unatuluka. Nthawi yomweyo phaso la pansi panga, limene chiswe chinali chitalidya m'kati zaka zitatu zija ndinkadikira chilimwe, linangoti thyo. Lata linapendekeka ngati chitseko, ine n'kulowa m'nyumba mwanga mutu patsogolo.

Sindinafike pansi. Msomali wina wa pamtanda unakola mwendo wa buluku, n'kundikanda pantchafu, ndipo ndinatsala lendelende, chadodolido, manja akupalasa mphepo. Nditatsegula maso ndinaona nkhope ya munthu patsogolo panga, kutalika kwake ngati mkono umodzi. Inali nkhope ya apongozi anga.

Zaka zinayi ndili pabanja ndi mwana wawo, ndinali ndisanawaonepo kumaso. Ndinkadziwa msana wawo, duku lawo, zidendene zawo zong'aluka. Tsiku limenelo ndinaona kuti anali ndi mphini ziwiri patsaya, kampata pakati pa mano a kutsogolo, ndi maso a Rozaliya enieni. Anandiyang'ana, ndinawayang'ana. Milomo yawo inayamba kunjenjemera, ndipo ndinazindikira kuti akulimbana ndi phwete.

Chinthu choyamba chimene anachita (ndipo Rozaliya amakonda kwambiri mbali imeneyi) sichinali kundithandiza ine. Anakoka lichero la nyemba n'kuliika kutali ndi mutu wanga. Kenako anasuntha mwana. Atatero anadziphimba kumaso ndi nsalu, anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka.

"Sesiliya," anatero mawu akunjenjemera, "abambo ako atsegula khomo lachiwiri. Lero sanatsokomole."

Magazi anali akutsikira kumutu, makutu akulira. Ndinafuna kupempha thandizo, koma ulemu ndi ulemu, ngakhale uli chadodolido. Ndinayang'ana khanda lija, limene linkandiyang'ananso likuyamwa chala cha kuphazi.

"Sesiliya," ndinatero, "uwauze agogo ako akaitane a Bonifasiyo."

"Uwauze abambo ako kuti a Bonifasiyo ali kumunda. Pofika kuno adzapeza maso atatuluka."

Osandiyang'ana, anatuluka chobwerera m'mbuyo, anakoka thumba la madeya limene linali pakhonde, analikankha ndi phazi mpaka linafika pansi pa mutu wanga. Pamwamba pake anaponyapo mphasa yopinda. Kenako anakaimanso kukhoma kuja.

"Sesiliya, uwauze abambo ako atsamize dzanja limodzi pathumbapo. Ndi linalo amasule lamba."

Ndinamva bwino, koma ndinafuna ndikhale sindinamve. Kumasula lamba kunatanthauza kutuluka m'buluku, ndipo m'kati mwa bulukulo, masiku a nkhondo amenewo, munalibe chovala china chimene munthu angachitchule dzina.

"Sesiliya, uwauze agogo ako kuti zimenezo sizingatheke."

"Uwauze asankhe, manyazi kapena khosi. Ine ndikuyang'ana khoma. Khomali lilibe maso."

Ndinasankha khosi. Ndinamasula lamba, ndinatsetsereka ngati nyemba yotuluka m'khoko lake, ndinagwera pamadeya fumbi n'kuti koboo. Buluku linatsala m'mwamba, miyendo yake ikugwedera. Ndisanaganize chochita, chinthu chofewa chinandigwera kumutu. Apongozi anali ataponya chakumbuyo nsalu yawo yosinthira, imodzi yokha ija anathawa nayo, yamaluwa ofiira.

Rozaliya anafika ndi mtsuko pamutu n'kupeza mwamuna wake, pulofesolo wa sikola ya boma, atakhala pathumba la madeya, woyera ngati chinyau, atamanga nsalu ya mayi ake m'chiuno. Mayi akewo anali chiimire kukhoma akupukuta misozi. Padenga panali chibowo choti mbuzi n'kudutsa. Anatula mtsuko bwinobwino kuti usasweke, kenako anakhala pansi. Zimene zinatsatira sindilemba.

Kuseka kutatha, mantha anabwera. Kumwamba kunali kutayamba kusonkhana mitambo masana alionse, ndipo tsopano ndinalibe ngakhale denga lodontha. Ndinakhala pakhonde, nsalu ili m'chiuno, mutu uli m'manja. Ndinauza Rozaliya mokweza, kuti a m'nyumba amve:

"Amayi ananena zoona. Koma udzu ndiupeza kuti?"

Kenako:

"Sesiliya, uwauze abambo ako akaone kuseri kwa khola la a Bonifasiyo."

Ndinapita ndi nsalu yomweyo. Kuseri kwa kholalo, pansi pa mtengo, panali mitolo ya udzu wa tsekera, wautali, wouma, wosanjidwa bwino pamitengo kuti chiswe chisaupeze. Unali wokwanira nyumba yonse. A Bonifasiyo anali atabwerako kumunda, ndipo atandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumaluwa ofiira aja, anachita chamuna osaseka.

"Ndi apongozi anu," anatero. "Chifikireni, mmawa ulionse amapita kudambo la kumunsi, kumene moto sunafike. Mtolo umodzi patsiku, nthawi zina iwiri. Ife amuna kumeneko tinasiya kupitako, a Pulofesolo, anthu a mfuti amadutsa konko. Ndinawaletsa. Anati mfuti yawalanda kale zonse, chimene chatsala ndi mbewu."

"Nanga bwanji osaubweretsa kunyumba?"

"Anati mkamwini salandidwa nyumba yake. Anati tidikire mpaka mudzafunse nokha."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndikuyang'ana udzuwo. Masabata onse aja ine ndikusungunula phula ndi kuboola malata, mayi wachikulire ankadzuka m'mawa kupita kumene amuna ankaopa, n'kubisa thukuta lake kuseri kwa khola la eni kuti ine ndisachite manyazi. Ndinalira, ndipo sindibisa. A Bonifasiyo anayamba kuyang'ana ming'oma yawo ya njuchi ngati aiona koyamba.

Ntchito inatenga masiku atatu. A Bonifasiyo anatsitsa malata onse, anachotsa mapaso odyewa, anakweza mutu wa denga kuti madzi azitsetsereka msanga. Koma kufolera anakana. Anati nyumba ndi yanga, ndifolere ndekha, iwo azingondiponyera mitolo. Kufolera ndi ntchito ya amuna, ndipo apongozi anali asanakwerepo padenga chibadwire, koma anali ataponyera amuna awo udzu zaka zambiri, maso ali m'mwamba. Anakhala pansi pa mpichesi wa pabwalo, atafulatira nyumba, Sesiliya ali pamiyendo, n'kumayendetsa ntchito ndi makutu.

"Sesiliya, uwauze ayambire m'munsi. Denga silifoleredwa kuchokera kumwamba ngati kulemba pabolodi."

Ndinatsika m'munsi (ndinali nditakwera kale pamutu pa denga ndi mtolo woyamba).

"Uwauze matsinde a udzu ayang'ane pansi. Mzere wapamwamba uzikwirira wapansi."

Ndikamanga luzi mwaulesi ankadziwa, sindidziwa kuti ankamva bwanji. "Sesiliya, luzi limenelo silinalire. Akoke mpaka lilire." Ndinkakoka mpaka linkalira, zala n'kuchita matuza. Ana a sikola odutsa ankaima kuonerera pulofesolo wawo akulamulidwa ndi khanda. Buluku ndinali nditavalanso, apongozi atalisoka ndi chigamba chodula ku nsalu yawo yomwe ija, moti chaka chonsecho ndinkaphunzitsa ndili ndi duwa lofiira pantchafu.

Malata tinawakwirira kuseri kwa nyumba, kuti ndidzawafukule nkhondo ikadzatha. Zikwatu zinabwerera pamtanda.

Mvula yodzalira inafika sabata yotsatira, masana, yamphamvu, ya mabingu. Tonse tinali m'nyumba, ine chipinda chino, iwo chipinda icho. Ndinali nditazolowera phokoso la malata, ndiye kachetechete wa udzu anandiopsa. Ndinayendayenda ndi mbale m'manja, maso ali kudenga, kudikira dontho loyamba. Mvula inagwa mpaka madzi anasefukira pabwalo. Mbale inakhalabe youma. Ndinamva apongozi akudzuka, akupapasa zikwatu, akukhalanso pansi.

"Sesiliya, nyenyezi za abambo ako zapita kuti?" "Uwauze kuti afolera ngati mwamuna."

Ndinalandirapo mapepala a maphunziro pamoyo wanga, koma palibe limene linandisangalatsa ngati mawu amenewo.

Mawa lake tinadzala. Nyemba zinatsala zochepa chifukwa cha siyensiya yanga, koma zinamera, chimanga chinameranso, ndipo tinakolola. Chaka chotsatira nkhondo inatipeza. Anthu a mfuti anasasula malata a nyumba ya Mulungu ija, yathu anaidutsa ngati nyumba ina iliyonse ya udzu, koma kukhala kunakanika ndipo tinawolokera ku Malawi pamodzi ndi mudzi wonse. Apongozi anasenzanso zikwatu ziwiri. Iwo sanabwerere. Tinawaika komweko, kuchilendo, mtendere usanafike. Zimene zinabwerera ndi nyemba zawo, ndipo mpaka lero ndi zimene timadzala. Malata ndinawafukula, ndinawapeza atadyewa ndi dzimbiri, koma mizere ya mabowo anga ikuonekabe, yowongoka bwino. Ndinatchingira khola la mbuzi.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo. Nyumba imene tili pano ndi ya malata atsopano, ndipo dzinja lapitali inayamba kudontha pakona. Ndinatulutsa makwerero, ndili ndi imvi zangazi, osafunsa munthu. Phazi lili pa mtanda wachiwiri, ndinamva Rozaliya akulankhula ndi mdzukulu wathu, mwana wa Sesiliya, amene anali akusenda nyemba pakhonde:

"Uwauze agogo ako ayambe avala mabuluku awiri."

Ndinatsika. Mtsikanayo anafuna kudziwa nkhani yake, ndipo Rozaliya anaisimba yonse, mondivula ulemu monga mwa nthawi zonse. Atamaliza, mdzukuluyo anandifunsa kuti agogo a Nangozowo ankaoneka bwanji, poti chithunzi chawo tilibe ngakhale chimodzi. Ndinamuuza za mphini ziwiri, za kampata ka m'mano, ndi za milomo yonjenjemera ndi phwete. Anadabwa kuti ndikukumbuka zonsezo. Ndinamuuza kuti nkhope imene munthu waiona kamodzi kokha saiiwala. Chovuta n'chakuti mpaka lero, ndikatseka maso kuti ndiwaone, amabwera chibwano chili kumwamba.